Khadi la Kuseri kwa Chitseko cha Che Anifa

Pa yadi pathu ku Mamelodi panalibe chimene chinkandidutsa ine. Amayi ankati makutu anga amafika pamalo mwiniwakene ndisanafike. Sukulu ndinaisiyira ku Ntcheu ndili mu Sitandade 5, koma Chizungu ndinachitola kuno ku Joni, pa TV ya eni yadi ndi m'magazini akutha amene Amayi ankabwera nawo kuchokera kwa madamu amene ankawagwirira ntchito. Ndiye mauthenga onse a pa foni ndinkawerengera anthu ndine. "Ulemu, tabwera, atilembera chiyani apa?" Ndinkadziwa amene wakanidwa ukwati, amene apongozi ake agonekedwa ku Mangochi, ngakhale amene amalandira mauthenga a "I miss you" ochokera kwa munthu amene si mwamuna wake. Sindinkauza anthu onse ayi. Ndinkasankha.

Koma uthenga umene unabwera Lachisanu lija, m'nyengo yozizira ya 2007, ndikanakonda ndikanakhala wosadziwa kuwerenga.

Ndiyambe ndafotokoza za khadi. Pa Amalawi tonse a pa yadi, amene anali ndi mapepala abwinobwino anali Che Anifa okha, mayi wamkulu wa ku Mangochi amene ankagulitsa zitenje ndi nsapato ku Marabastad. Khadi lawo la ku kiliniki linkakhala m'jumbo ya buledi, pa msomali kuseri kwa chitseko chawo. Mzimayi aliyense akadwala ankangogogoda. "Che Anifa, ndibwerekeko dzina." Iwo osatembenuka n'komwe ankati, "Lili pomwepo." Tsiku lobadwa umaloweza uli m'teksi. Pobweza umabwera ndi kasopo kapena tomato, basi. Amuna analibe mwayi umenewu, ankangomwa panado.

Kale zinkayenda bwino, chifukwa anamwino ankalemba ndi cholembera ndipo ankayang'ana munthu amene wakhala patsogolo pawo. Koma chaka chimenecho kunabwera kampani ina yaikulu ya makompyuta. Anatenga mafayilo onse a mapepala pa lole, n'kuika makompyuta pa tebulo lililonse. Anati tsopano zotsatira za magazi zizibwera pa foni, anthu asamavutike ndi mizere. Ife tinaombera m'manja. Nambala ya foni imene inalowa m'kompyutamo inali ya Che Anifa.

Sabata imeneyo Amayi anga, a Esnat, anapita ndi khadilo chifukwa mankhwala awo a BP anali atatha. Anawatenga magazi n'kuwapatsa mapiritsi atsopano, oyera, ang'onoang'ono. Mawa lake Che Anifa anapita okha za shuga wawo, nawonso anawatenga magazi n'kuwapatsa mapiritsi awo. Zimenezi aliyense ankazidziwa.

Lachisanu madzulo dzuwa likadalipo, ndikuanula zovala, Che Anifa anandiitana atakhala pa kreti pakhomo pawo.

"Iwe wailesi, tabwera. Foni yalira."

Ndinawerenga kaye chamumtima. Kenako ndinawerenganso.

"Ukuchedweranji? Afa ndani?"

"Akuti... Anifa Kalimu, magazi anu atuluka ndi vuto lalikulu. Siyani kumwa mankhwala amene munapatsidwa. Bwerani ku kiliniki msanga."

Amayi anali atangofika kumene, chikwama chikadali paphewa. Anaima. Che Anifa anawayang'ana, iwonso anayang'ana Che Anifa.

"Anifa wake uti?" anatero Amayi.

Ndinatsitsa uthengawo mpaka pansi. Panalibe tsiku, panalibe dzina la mankhwala. Panali nambala yoimbira basi, ndi mawu akuti kampaniyo imasamala za moyo wathu.

"Ndi shuga wanuyo, Che Anifa," anatero Amayi akuyesa kuseka. "Ndimakuonani ndi fanta ku Marabastad."

"Fanta wanga musiyeni. Mwadziona miyendo inu a Esnat? Ngati mitondo."

Onse anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Ine ndinayang'ana miyendo ya Amayi. Zoona, nsapato zinali zitalowa m'mnofu.

Kiliniki inali itatsekedwa kale mpaka Lolemba. Chipatala chachikulu cha m'tauni Amayi sankafuna n'kuchimva komwe, chifukwa anthu ankanena kuti kumeneko amafunsa mapepala pa geti pomwe, ndipo ukapanda kukhala nawo umatulukira m'galimoto ya apolisi. Kaya zinali zoona kaya ayi, tonse tinkazikhulupirira. Choncho tinaimba nambala ija.

Eish, nyimbo imene ija. Mpaka lero ndikaimva m'sitolo ndimatuluka. Kanyimbo ka piyano kobwerezabwereza, kenako mawu a mzungu wamkazi onena kuti ndife ofunika kwambiri kwa iwo, tidikire. Dinani wani. Dinani thuu. Ndinadina, anandibwezera ku piyano. Mayunitsi anatha tisanalankhule ndi munthu. Ndinathamanga kukagula ena pa spaza, kagolosale ka pafupi, tinayambiranso pachiyambi penipeni. Pomaliza anayankha mnyamata wa mawu osalala ngati wa pa wailesi.

Ndinamufotokozera kuti ndikumasulira azakhali anga amene Chizungu chimawavuta. Ndinati tikungofuna kudziwa kuti magaziwo anatengedwa tsiku liti. Basi, tsiku lokha.

Anati ayambe watsimikiza kuti akulankhula ndi mwini dzina. Tsiku lobadwa? Che Anifa anayankha mokweza ngati akuitana kasitomala. Anati zili bwino. Adiresi?

Che Anifa anatchula nambala ya yadi yathu.

"Pepani, si imene ili m'kompyuta."

Amayi anagwira pakamwa. "Mayo ine. Anandifunsa ngati ndinasamuka, ndinawapatsa ya kwa madamu." Anandinong'oneza dzina la msewu wa kwa madamu, ine n'kulitchula.

"Pepani, si imeneyonso."

Apa ndinadziwa chimene chachitika. Panali munthu wachitatu amene anasintha adiresiyo Amayi atapita kale. Ndinakweza maso. Pa mpopi panali Sisi Ayesha, mkazi wa a Zubair a m'chipinda cha kumapeto, mtsikana wofatsa amene anali asanathe chaka chibwerere kuchokera ku Machinga. Ndowa yake inali itasefukira koma sanatseke madzi. Lachinayi ndinali nditamuona akutuluka m'chipinda cha Che Anifa eni ake kulibe, ndipo madzulo ake akutsuka mbale, nsalu ya pa mkono itakwera, ndinaona kathonje ndi pulasitala pa msempha. Tsopano ankandiyang'ana ndi maso opempha. Anapukusa mutu pang'ono.

Che Anifa anayesa adiresi ya shopu ya ku Marabastad. Mnyamata uja anapuma.

"Pepani kwambiri, mwalakwitsa kokwanira. Kompyuta yatseka fayilo yanu pofuna kukutetezani."

"Tsegulani!" ndinakuwa. "Munthu akhoza kufa kuno!"

Anati iye sangathe, kompyuta ikatseka yatseka. Anati tikayang'ane pa intaneti, kapena tipite ku kiliniki ndi ziphaso. Kenako anandifunsa ngati pali china chimene angatithandize nacho. Ndipo anatifunira weekend yabwino.

Madzulo amenewo panabuka mkangano wa mapiritsi. Che Anifa anati iwo asiya, shuga sapha munthu masiku awiri. Amayi anakana. "Sista anandiuza kuti a BP sadumphitsa. Ukadumphitsa umafa ziwalo. Mwaiwala a Elson aja a ku Hammanskraal, pakamwa panapita kukhutu? Uthengawo si wanga." Anameza piritsi lawo ine ndikuona, n'kutsitsira ndi tiyi.

Ine ndinkagona ndi Amayi bedi limodzi, ndipo zina mwana sayenera kunena, koma ndinena. Chiyambire mapiritsi atsopanowo, Amayi sankapita kukataya madzi ngati kale. Chakudya ankangochitosa. M'mawa wina ndinawamva akusanza kuseri kwa chimbudzi, atatsegula mpopi kuti anthu asamve. Loweruka m'mawa nditadina chala pa mwendo wawo akugona, panatsala kadzenje kosabwerera.

Atapita kukasamba, ndinatenga kabotolo kaja n'kukalowetsa m'sokosi, sokosiyo n'kuikankhira m'kati mwa pilo wanga.

"Ulemu, mankhwala anga ali kuti?"

"Kaya. Si munawasiya pa windo?"

Anafunafuna mpaka teksi inatsala pang'ono kuwasiya. Anachoka akung'ung'udza kuti mwina anagwera m'chikwama cha kuntchito. Atangotuluka pa geti ndinayamba kuganiza za a Elson ndi pakamwa pawo. Nanga uthengawo utakhala wa Che Anifa? Nanga utakhala wa Sisi Ayesha? Ndiye kuti ineyo, ndi manja angawa, ndikupha Amayi anga.

Ndinathamangira kwa a Kassimu, bambo wa ku Machinga amene anali ndi makompyuta m'kontena pafupi ndi pokwerera teksi. Ndinawapeza atakhala panja akusenda lalanje, m'kati mulibe munthu.

"Intaneti yagwa, mwana wanga. Chiyambire Lachitatu imabwera n'kuthawa. Ndawaimbira a kampani ya mawaya mpaka khutu kutentha. Akuti wokonza ali m'njira. Kaya akuyenda wapansi kuchokera ku Durban."

"Tangoyesani, a Kassimu, chonde."

Anaona nkhope yanga, anasiya lalanje. Tinalemba adiresi ya kampani ija. Tinadikira. Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, tsitsi, mphumi, kenako mano a dokotala wachizungu akumwetulira atanyamula mwana. Chinaima pakhosi pake. Tinadikiranso, ine ndikupemphera kwa kompyuta ngati ndi munthu. Litatseguka tsambalo, linati tilembe nambala yachinsinsi imene atumiza ku imelo ya wodwala.

"Che Anifa ali ndi imelo?" anafunsa a Kassimu.

"Che Anifa amasunga foni m'kansalu kuti isamve kuzizira."

Tisanaganize china, zonse zinayera. Intaneti yapita. A Kassimu anamenya tebulo ndi chikhatho. "Anthu awa! Malonda awo pa zikwangwani ndi akuluakulu ngati nyumba, koma ukawafuna sapezeka. Alibe nkhope, alibe khomo loti ukagogode."

Ndinabwerera kunyumba. Sisi Ayesha anandikoka pa kona ya chimbudzi.

"Ulemu, usanene."

"Sisi, nanga ukakhala wanu uthengawo?"

"Ndasiya kumwa. Usanene basi. A Zubair sakudziwa."

"Sakudziwa chiyani?"

Anangoika dzanja pamimba, n'kulichotsa msanga. Ine amene ndimadziwa zonse pa yadi, imeneyi inali itandiphonya.

Lamulungu tinapita ku tchalitchi chathu cha Amalawi, chimene chimasonkhana m'kalasi ya sukulu. Pakati pa nyimbo Amayi anakhala pansi. Amayi sakhala pansi pa nyimbo, amaimba mpaka kuposa a kwaya. Anagwira kumbuyo kwa mutu.

"Mutu ukundiwawa ngati akukhoma misomali. Ndi mankhwala aja ndataya."

Ulaliki wonse sindinamve liwu limodzi. Ndinkangoyang'ana pakamwa pawo ngati papendekeka. Akameza malovu, ine mtima phaa. Ndinawauza kuti amwetulire. Anati, "Wapenga iwe?" Ndinawauza kuti andifinye dzanja. Anandifinya mpaka kuwawa, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kuwawako. Tikubwerera m'teksi ndinalumbira kuti tikafika ndiwabwezera botolo lawo. Titafika ndinalowetsa dzanja m'pilo, ndinaligwira, kenako ndinawaona akuvula nsapato movutikira, mapazi akunyezimira ngati apakidwa mafuta. Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu.

Masana amenewo Che Anifa anatiitanira m'chipinda mwawo. Sisi Ayesha analipo, ankawathandiza kupinda zitenje za Lolemba.

"Ndaganiza," anatero Che Anifa. "Mawa ndipita ndekha. Dzina ndi langa, ziphaso ndi zanga. Akandiuza vutolo, tidzadziwa kuti ndi la ndani, tidzaona chochita."

"Bwino zimenezo," anatero Amayi.

"Si bwino," ndinatero ine.

"Iwe, akulu akulankhula."

"Akakuuzani kuti magazi anu ndi oipa, Che Anifa, akugonekani inuyo. Akubayani jekeseni wa matenda a munthu wina. Ndipo wodwala weniweniyo adzakhala ali kuno akuchapa zovala."

"Ndiye tipite awiri tikanene kuti tinawanamiza? Andilande mapepala anga? Amayi ako awakweze basi ya ku Mwanza?"

Ndinayang'ana Sisi Ayesha. Anali atawerama pa chitenje. Ndinayesetsa ndithu, Mulungu ndi mboni, koma pakamwa panga sipanazolowere kutseka.

"Si awiri. Ndi atatu."

Sisi Ayesha anayamba kulira mopanda mawu, misozi ikugwera pa chitenje chogulitsa. Pang'onopang'ono zinatuluka. Anali woyembekezera. Mimba ziwiri zinali zitapita padera kumudzi, ndipo achibale a mwamuna anali atayamba kale zonena. Ulendo uno anafuna adikire kaye ione ngati ikhala, asanauze munthu aliyense, ngakhale mwamuna wake. Pomufunsa adiresi ku kiliniki, anachita mantha n'kutchula ya mzikiti.

Che Anifa anadzuka, anachotsa jumbo ya buledi pa msomali, n'kuiika m'chikwama mwawo.

"Mawa tonse atatu. Iwe wailesi upite nawo, ukalankhule. Pakamwa pakopo pagwireko ntchito ya phindu kamodzi."

"Che Anifa, mapepala anu..." anayamba Amayi.

"Ndikawasunga mapepala, n'kuika mmodzi wa inu m'bokosi, ndikawauza chiyani anthu kumudzi?"

Lolemba m'mawa kunali chisanu choluma zala. Pa windo la kiliniki anamata pepala lolemba ndi dzanja lonena kuti makompyuta sakugwira ntchito, tipirire. Mzere unafika pa geti. Mayi wina wa Chipedi kutsogolo kwathu ankatukwana kampaniyo ndi makolo ake omwe. Amayi anatsamira khoma, milomo itatuwa. Pa geti panali mlonda wa yunifolomu, ndipo nthawi iliyonse akagwira wailesi yake ya m'manja ine ndinkaona ngati akuitana apolisi.

Dzuwa litakwera, chitseko chinatseguka.

"Anifa Kalimu!"

Anaimirira atatu.

Namwino wake anali Sista Masemola, mayi wonenepa wa magalasi a chingwe, amene pa yadi ankadziwika kuti ndi wolusa. Anayang'ana khadi, anayang'ana azimayi atatuwo, kenako ine.

"Ndaitana munthu mmodzi."

"Ndi onsewa, Sista," ndinatero m'Chizungu changa cha pa TV.

Anatilowetsa n'kutseka chitseko ndi kiyi. Ndinalankhula zonse mothamanga, za msomali, za sopo, za uthenga, za piyano, za adiresi ya mzikiti. Ndinamuonetsa foni. Anavula magalasi.

"Modimo wa ka, Mulungu wanga! Mukudziwa chimene mwachita? Mukanaphana! Ndikanakuthirani magazi a gulu la munthu wina ine, n'kumangidwa ine!" Analoza kompyuta yakuda pa tebulo. "Ndimadabwatu. Chinthu ichi sabata yatha chinandiuza kuti Anifa Kalimu ndi mayi wa zaka za m'ma fifite, wa shuga, wa BP, ndiponso woyembekezera. Ndinawaimbira a kampani kuti pulogalamu yawo yapenga. Anandipatsa nambala ya dandaulo."

"Ndiye tiuzeni, Sista, magaziwo ndi a ndani?"

"Ndikuuze ndi chiyani? Zotsatira zili m'menemo. Mawaya afa. Ngakhale akanakhala amoyo, fayilo mwaitseketsa, ndipo ine amene ndinatenga magaziwo ndi manja anga sindiloledwa kuitsegula. Ayenera kuitsegula anyamata a kampani amene sanaonepo msempha chibadwire. Mafayilo anga a mapepala anapita pa lole."

Anatenga foni ya pa tebulo, anadina manambala, n'kuitembenuzira kwa ife. Piyano ija. Anaibwezera pansi mwamphamvu.

"Chabwino. Tichita zachikale. Khalani pa bedi nonse, vulani nsapato."

Anayamba ndi Sisi Ayesha. Anamuyang'ana m'maso, anamugwira pamimba, anamuyeza BP. "Iwe uli bwino, mwana alipo. Mapiritsi ako ndi owonjezera magazi chabe, pitiriza." Sisi Ayesha anaphimba nkhope ndi mpango. Che Anifa anawabaya chala. "Shuga wakwera, gogo, koma si wa lero ameneyu. Siyani zotsekemera." Amayi, ngakhale anali atafooka, anapeza mphamvu yonena kuti, "Fanta."

Kenako Sista anafika pa Amayi. Anadina mwendo, kadzenje kanatsala. Anawafunsa za kutaya madzi, za kusanza. Amayi ankayankha kuti ali bwino, ine kumbuyo ndikupukusa mutu ndi kuyankha zoona. Anawapatsa kabotolo kuti akatayiremo madzi, anabwera ndi ochepa kwambiri. Anaviikamo kapepala, kanasintha mtundu. Nkhope ya Sista nayonso inasintha.

"Mama, mapiritsi atsopano aja mwamwa lero?"

"Anasowa Loweruka," anatero Amayi. "Ndimati ndipemphe ena."

Ndinatulutsa sokosi m'thumba la jekete. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayamba kulira pamenepo, koma ndinalira ngati mwana wa ku mkaka. Amayi anandiyang'ana ndi maso amene ndimawadziwa bwino, a "tikafika kunyumba".

Sista anatenga botolo, anawerenga dzina lake, n'kuliponya m'dirowa.

"Osam'menya mwanayu. Mwina impso zanu sizikugwirizana ndi mankhwala amenewa. Sindingalumbire popanda magazi, koma sindidikira kompyuta. Mukupita ku chipatala chachikulu, pompano, pa ambulansi." Kenako anandiloza ine. "Koma iwe, usadzabwerezenso kubisa mankhwala a munthu. Ulendo uno wagwera pabwino. Ulendo wina udzapha."

"Kuchipatala chachikulu ayi, Sista," anatero Amayi. "Ndilibe mapepala."

"Ine ndine namwino, si wapolisi. Ndipo kumeneko mukalowa ndi dzina lanu. Mukalowa ndi la gogoyu, akakupatsani mankhwala a shuga ndi a mimba. Dzina lanu ndani?"

Amayi anayang'ana chitseko chokiyidwa. Anayang'ana Che Anifa. Chibwerere ku Joni anali asanatchulepo dzina lawo kwa munthu aliyense wovala yunifolomu.

"Esnat," anatero motsitsa.

"Mokweza, mama. Ndikulemba ndi cholembera, sichimva bwino."

M'ambulansi ndinakhala pa kampando ndikugwira phazi lawo lozizira. Pa geti la chipatala chachikulu ndinatseka maso kudikira kuti wina atiimitse. Galimoto inangodutsa. Pa windo anafunsa dzina, anafunsa dziko, mayi wolembayo anatiyang'ana mokwiya pang'ono n'kunena zina m'chilankhulo chawo zimene sindinafune kuzimva, koma analemba. Tsiku lonse ndinakhala pa benchi ndikuyang'ana nsapato za anthu odutsa, kufunafuna za apolisi. Sizinabwere. Dokotala atatuluka anati ndi impso ndithu, zinali zitayamba kufooka, ndipo akanapitiriza mapiritsi aja mpaka Lolemba nkhani ikanakhala ina. Sananene kuti ina yotani, ndipo ine, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, sindinafunse.

Amayi anagona kumeneko kupitirira sabata. Anatuluka ataonda, nsapato zikuwakhwepa, ali ndi khadi lawolawo. Za sokosi sanandimenye, koma sanandithokozenso. Anangoti, "Ukadzakwatiwa, mwamuna wako azigona ndi diso limodzi." Sista Masemola anatsegulira Sisi Ayesha fayilo yakeyake m'buku la sukulu limene anagula yekha. Khadi lakale analidula ndi sizasi Che Anifa akuona. Msomali ukadalipo kuseri kwa chitseko, pano amapachikapo ambulera.

Fayilo ya m'kompyuta ija sinatsegulidwe mpaka lero. Che Anifa anapita ndi ziphaso zawo kangapo, amangowapatsa nambala ina ya dandaulo. Kampaniyo sinatiuzepo kuti magazi aja anali a ndani.

Koma mauthenga ndiye sinasiye kutumiza. Mwezi watha foni inalira Che Anifa ali pa kreti pawo, anandiitana ngati kale. Ndinaumitsa manja pa siketi, ndinaitenga.

"Akuti chiyani?"

"Akuti Anifa Kalimu, masiku anu ochira ayandikira, konzekerani zovala za mwana."

Yadi yonse inagwa ndi phwete. Che Anifa anagwira mimba yawo n'kuyamba kuyenda ngati wotopa, a Zubair akuwafunsa ngati asankha kale dzina. Ngakhale Sisi Ayesha, amene tsopano sangabisenso kanthu, anaseka mpaka kugwira khoma.

Ine ndinabweza foni, ndinalowa m'nyumba. Amayi anali atagona chammbali akupumula. Ndinakhala kumiyendo kwawo, n'kudina chala pa mwendo, kudikira kuti ndione ngati patsale kadzenje.